Kope langa la malonjezo: mmene ndimayezera ofuna kuimira chipani pa mpando wa pulezidenti

Ndinaphunzitsa ku pulaimale zaka 31, zambiri mwa izo kutsidya kwa Shire, mbali za Namwera ndi Malindi. Pano ndinapuma, ndimakhala kufupi ndi Mangochi boma. Kawiri konse ndakhalapo nthumwi ku msonkhano waukulu wa chipani. Dzina la chipanicho sinditchula, chifukwa zimene ndikufuna kunena zimachitika m'zipani zonse. Ulendo woyamba ndinavotera munthu chifukwa cha kuthwa kwa lilime lake, ndipo ndinalandira envulopu usiku woti mawa tivota. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa. Ulendo wachiwiri ndinanyamula kope.

Ambiri amaganiza kuti pulezidenti amasankhidwa tsiku lomwe timaima pamzere ndi kuviika chala mu inki. Koma mayina amene timawapeza papepala lija amakhala atasankhidwa kale ndi anthu okwana holo imodzi. Mu Ogasiti 2013 nthumwi za MCP zinasankha Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa mpingo wa Assemblies of God, ndipo mu 2020 anakhala mtsogoleri wa dziko. Mu 2024 MCP inakumana ku Lilongwe, DPP ku Blantyre, UTM ku Mzuzu, ndipo amene anatuluka m'maholo amenewo ndi omwe tinawapeza pachisankho cha pa 16 Seputembala 2025. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nthawi yomuyeza munthu ndi pamene akupemphabe, asanakwere. Ngati inuyo si nthumwi, nthumwi ya dera lanu mumaidziwa, mumakumana nayo kumaliro ndi kumsika. Muli ndi ufulu woifunsa kuti ikavotera ndani, ndipo chifukwa chiyani.

Gulani kope la chikuto cholimba. Aliyense amene wanena kuti akufuna mpandowu mum'patse masamba ake. Akayankhula, lembani tsiku, malo, ndi mawu ake mmene anawanenera. Zimene mwadzimvera nokha, pamsonkhano kapena pawailesi, kaya ndi MBC, Zodiak kapena Dzimwe yathu ino, lembani ndi cholembera cha inki. Zimene zabwera pa WhatsApp lembani ndi pensulo, chifukwa timakanema tija amatidula pakati, munthu n'kumveka ngati wanena zomwe sananene. Mukadzazimva kuchokera kwina kodalirika, dutsitsanipo inki. Zikapanda kutsimikizika, fufutani. Zimenezi zokha zinandipulumutsa ku mabodza ambiri, ena onenera anthu omwe ine sindinkawakonda n'komwe.

Pa za khalidwe, musafunse ovala nsalu ya nkhope yake. Funsani amene anagwirapo ntchito pansi pake: dalaivala, mesenjala, mlembi, mlonda. Dziko lathu ndi laling'ono, simungalephere kupeza wina amene mlamu wake anamuyendetsapo. Mafunso ake ndi osavuta. Ankalipira nthawi yake? Akalakwitsa ankavomera, kapena ankakankhira kwa wamng'ono? Munthu akamuuza kuti "bwana, apa ayi", mawa lake ankakhalabe pantchito?

Funso lomalizalo ndilo lalikulu kwa ine. Taonani mbiri yathu chiyambire 1994. Bakili Muluzi ndi Justin Malewezi anathera posiyana. Bingu wa Mutharika anasemphana ndi Cassim Chilumpha, kenako ndi Joyce Banda, amene anachotsedwa mu DPP mu Disembala 2010. Peter Mutharika ndi Saulos Chilima anasiyana mu 2018. Sindikuweruza kuti wolakwa anali ndani pa aliyense wa iwowa. Ndikungoti mpando umenewu umayesa munthu pa kukhala ndi mnzake wamaganizo ake. Ndipo wachiwiri kwa pulezidenti si chokongoletsa: Bingu atamwalira pa 5 Epulo 2012, patangopita masiku awiri Joyce Banda analumbira kukhala pulezidenti. Choncho fufuzani kuti munthu wanuyo anzake amene anayamba nawo ali kuti lero. Ngati onse anathawa mmodzimmodzi ndipo aliyense amatchedwa wachiwembu, lembani m'kope.

Onaninso mmene amagonjera. Kamuzu Banda anavomera kugonja mu 1994, Chakwera anavomera mu 2025. Pa mlingo waung'ono, pafupifupi aliyense wofuna mpando anagonjapo penapake, kaya pa chisankho chachipulula, kaya ku khoti. Anatani? Anayamikira mnzake, kapena anatuma anyamata? Khoti litathetsa zotsatira za chisankho cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, aliyense wandale anayankhulapo. Fufuzani zimene munthu wanuyo ananena tsiku limenelo, muziike pambali pa zimene ananena tsiku lina khoti litagamula zosamukomera. Ngati oweruza amakhala olungama pokhapokha akamukomera, ameneyo akadzakwera adzalimbana ndi makhoti.

Tsopano za envulopu. Ulendo woyamba uja, mnyamata wina anagogoda kuchipinda komwe tinagona, anati, "Amalume, abwana akuti mumwereko tiyi." Ndinalandira. Ndinadziuza kuti voti ndi yachinsinsi, ndivotera amene mtima wanga ukufuna. Koma m'mawa mwake dzanja linandilemera, ndinaona ngati ndili ndi ngongole. Ndalama ija sigula voti mwachindunji, imagula manyazi anu. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pofuna mavoti, komabe zimachitika, ndipo funso lofunika kudzifunsa ndi lakuti ndalamazo zachokera kuti, adzazibweza bwanji. Amene tinaona Cashgate mu 2013 tikudziwa kuti ndalama zikatuluka m'thumba la boma, ndife timakapeza kuchipatala kulibe mankhwala. Ngati munthuyo anakhalapo nduna kapena phungu, lamulo la 2013 limam'kakamiza kulembetsa chuma chake. M'funseni poyera ngati analembetsa, ndipo ngati angalole kuti anthu aone. Yang'anani nkhope yake poyankha.

Kusasinthasintha ndi nkhani yofunika kuisamala, chifukwa kusintha maganizo si tchimo. Ine ndinayamba uphunzitsi ndikukhulupirira chikwapu, ndinamaliza nditachitaya, ndipo ndikhoza kufotokoza mwana amene anandisintha. Wandale nayenso angasinthe. Chimene muyenera kuona ndi nthawi yomwe anasinthira ndi amene anapindula. Akasintha atamva madandaulo a anthu, nanena poyera kuti "kale ndinkati chakuti, ndinalakwa", ameneyo mum'patse ulemu. Akasintha sabata yomwe wapatsidwa unduna, n'kumakana kuti sananenepo, kope lanu lim'tsutsa.

Muyeso wabwino ndi Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, lokhudza phungu wochoka m'chipani chimene chinam'lowetsa ku Nyumba ya Malamulo kupita ku china. Bingu atachoka mu UDF mu Febuluwale 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri anam'tsatira, ndipo mkangano wa gawoli unachedwetsa ngakhale bajeti. Mu 2012 mphepo inatembenuka, aphungu anakhamukira ku PP, chipani cha Joyce Banda. Ena amene ankafuula kuti gawoli ligwire ntchito anakhala chete, ena amene anali chete anayamba kufuula. Onani kuti munthu wanuyo anali mbali iti nthawi zonse ziwiri. Ngati ndi wamkulu ndithu, bwererani ku 2002, pamene bilu yochotsa malire a nthawi yolamulira pulezidenti inagwa ku Nyumba ya Malamulo ndi mavoti atatu okha. Kukana nthawi imeneyo kunali ndi mtengo wake. Munthu amene anakanapo chinthu n'kutaya nacho mpando kapena ubwenzi, mawu ake ndimawalemba ndi mtima wina.

Yerekezaninso zimene amanena kuno ndi zimene amanena kwina. Akabwera ku Mangochi atavala mkanjo, n'kupereka salamu, zili bwino, ndi ulemu. Koma mverani zimene akanene Lamlungu kutchalitchi ku Dedza, ndi zimene akanene ku Mzuzu. Ife kuno Asilamu ndi Akhristu timakwatirana, timaikana maliro. Wotiuza chinthu china kumzikiti ndi china kutchalitchi akutiyesa ana.

Pa mfundo za chitukuko ndimafunsa zitatu: ndalama zichokera kuti, ntchito iyamba liti, ndipo zikakanika tidzafunse ndani. Ndinaphunzira zimenezi ndi choko m'manja. Mu 1994 boma la Muluzi linachotsa fizi ku pulaimale, monga linalonjezera. Linali lonjezo labwino ndipo linakwaniritsidwa. Ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ine ndinali m'kalasi chaka chimenecho. Ana anadzaza mpaka pansi pa mitengo ya mango, ena akuluakulu oti sanagwirepo pensulo, ndipo ndinasangalala kuwaona. Koma zipinda zinali zomwe zija, mabuku omwe aja, ndipo aphunzitsi atsopano anatumizidwa atangophunzitsidwa masabata ochepa. Mvula ikagwa tinkaweruka. Ana ena amene ndinawalandira ndi chimwemwe anafika Sitandade 4 osatha kuwerenga dzina lawo, ndipo ena mwa iwo lero ali ku Joni. Kuyambira pamenepo, munthu akati "zaulere", ine ndimayamba ndafunsa za zipinda, mabuku ndi aphunzitsi. Wokonzekadi amakondwa ndi funso limenelo ndipo amakhala ndi manambala. Wosakonzeka amayamba nyimbo.

Feteleza ndi chimodzimodzi. Mu 2020 a mgwirizano wa zipani wa Tonse analonjeza thumba pa K4,495, ndipo chaka choyamba linagulidwadi choncho. Zaka zotsatira mtengo unakwera kufika K7,500, kenako K15,000. Chifukwa chake chimvetseni bwino, kuti muzitha kufunsa aliyense. Feteleza timagula kunja ndi madola. Madolawo timawapeza makamaka pogulitsa fodya, ndipo sakwana. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba lomwelo linafuna makwacha ochuluka. Ndiye wolonjeza mtengo wa feteleza, wa mafuta kapena wa mankhwala akulonjeza za ndalama zakunja, adziwe kapena asadziwe. M'funseni kuti dziko ligulitsa chiyani kunja chimene silikugulitsa lero. Ndipo musaganize kuti ndi vuto la chipani chimodzi. Doko la Nsanje linatsegulidwa ndi mwambo waukulu mu 2010, zombo zake sitinazione.

Kenako m'bweretseni kuno kwathu. Msewu wa ku Makanjira walonjezedwa ndi anthu a mitundu yonse ya nsalu, ndipo m'kope langa uli ndi tsamba lakelake. Wina akaulonjezanso, m'funseni kuti ndalama zake zili mu bajeti iti, mitsinje yodula msewuwo m'dzinja akuidziwa ingati. M'funseni za nyanja. Chambo chinachepa, ku Malombe asodzi akudalira kambuzi, ndipo nyanja ikatsekedwa kumapeto kwa chaka kuti nsomba ziswane, mabanja ambiri amagona ndi njala, n'chifukwa chake ena amakalowamo usiku. Wonena kuti "ndidzateteza nyanja" afotokoze kuti msodzi adya chiyani miyezi imeneyo, ndipo makomiti a m'madoko adzawapatsa mphamvu zotani. Sindiyembekezera kuti adziwe zonse. Wina pamsonkhano wa nthumwi anandiyankha kuti, "Aphunzitsi, zimenezo sindikuzidziwa bwino, tandiuzani." Anatulutsa pepala nalemba. Ndinam'patsa chizindikiro chabwino kuposa amene anandiyankha msanga ndi mawu okoma.

Za "wakwathu" ndinene mwachidule. Mu 2014 Peter Mutharika anapambana ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse. Kuyambira 2020 zimenezo sizithekanso, wopambana ayenera kupitirira theka la mavoti onse. Munthu amene amamveka m'boma lake lokha sangakufikitseni. Dzifunseni ngati mlimi wa mpunga ku Karonga ndi mayi wa ku Nsanje angamumvere mpaka kumaliza.

Kukatsala sabata kuti mupite ku msonkhano, itanani anthu a dera lanu, amayi ndi achinyamata omwe, osati akomiti okha. Awerengereni kope, tsamba ndi tsamba, zabwino ndi zoipa za aliyense, kuphatikizapo amene inu mumam'konda. Muwalole akutsutseni. Kwathu mayi wina wogulitsa usipa anandikumbutsa mawu amene munthu wanga ananena pa wailesi onyoza amayi, omwe ine sindinawalembe chifukwa sindinkafuna kuwamva. Ndinawalemba pomwepo, pamaso pa onse. Mukafika kumsonkhano, nyamulani ndalama yanu yobwererera kuti musadalire galimoto ya wina aliyense. Wogogoda usiku mum'patse moni, envulopu abwerere nayo. Wina akakuuzani kuti mujambule pepala lanu lovotera ndi foni, kanani, ndipo lembani kuti watumidwa ndi ndani.

Amene ndinam'votera ulendo wachiwiri uja sanapambane. Anaimirira, nakagwira dzanja wopambanayo, ndipo ndinalemba zimenezo ndi inki ndili m'basi, tisanafike pa Liwonde. Masamba ake ndikuwalembabe, ndipo sabata yatha ndagula kope lachitatu.