Ndingasunge bwanji ndalama ya zadzidzidzi pomwe ndimapeza zochepa?

Tsiku lomwe mwalandira malipiro kapena mwagulitsa mbewu, patulani kangachepe musanagule ngakhale mchere. K500 pa K10,000 iliyonse ndi poyambira pabwino.

Kenako muiike patali ndi dzanja, chifukwa m'nyumba imathera ndiwo. Mpamba kapena Airtel Money pa nambala ina yomwe simuyenda nayo ndi bwino. Banki mkhonde imathandiza, koma ambiri amagawana chaka chikamatha, pomwe matenda sadikira Disembala. Choncho funsani kaye ngati gulu lanu lili ndi thumba la zadzidzidzi.

Gwirizanani m'banjamo kuti zadzidzidzi n'ziti: matenda, maliro, denga likasasuka ndi mphepo. Fizi ndi feteleza ayi, zimenezo nthawi yake imadziwika kale.

Mukatapamo, mwezi wotsatira yambani n'kubweza.