Musanaseme wotchi yaikulu ya pakhoma pa CNC

Gulani kaye kainjini ka wotchiyo musanajambule chilichonse pa kompyuta yoyendetsa makina osemera a CNC. Ine ndinayamba ndi thabwa, la mlombwa wabwino lokhuthala mamilimita 25, pomaliza kachitsulo kozungulitsa mivi sikanatulukire kutsogolo. Zinandiwawa kwambiri. Yezani kachitsuloko, ndiye muuze makina akumbe malo kumbuyo kuti kainjini kalowe, pakati patsale thabwa lopyapyala loti kachitsulo kabooleze ndi nati yake. Tiinjini tambiri ta batire timakhala mamilimita pafupifupi 56 m'litali ndi m'lifupi, choncho siyani kampata.

Mivi ikakhala yaitali, funani kainjini kolembedwa high torque, kutanthauza kamphamvu kwambiri. Kainjini wamba kamalephera kukweza muvi wautali kuchoka pa 6 kupita pa 12, wotchi n'kumatsalira.

Manambala amatalikirana madigiri 30, ndipo V-bit, mpeni wa makina wosongoka ngati V, imawasema bwino. Podula bwalo lakunja musamize mpeni kamodzi, tsikani mamilimita 3 ulendo uliwonse, ndipo siyani timilatho togwira bwalolo kuti lisasunthe pomaliza. Thabwa likhale louma ndithu, laliwisi limapindika pakhoma mivi n'kumakhula. Vanishi pakani mbali zonse ziwiri, ngakhale kumbuyo kosaonekako.