Mmene gulu la alimi lingakankhire boma kuti lilole ulimi wa hemp

Gulu lanu likafuna kuti boma lilole ulimi wa hemp, chamba chija chosazunguza bongo, ndalama zoyamba musathere pa malaya ojambulidwa tsamba lobiriwira. Tsambalo limaopseza anthu omwe mukufuna kuwakopa. Ine ndimati yambani ndi nambala imodzi, ndipo aliyense m'gulumo aidziwe pamtima.

Hemp ndi chamba chosuta ndi mbewu ya mtundu umodzi, Cannabis sativa. Pa lamulo zimasiyana pa kuchuluka kwa THC, chinthu chimene chimaledzeretsa. Ku Canada, kumene analola ulimiwu mu 1998, ndi ku America, kumene anaulola mu 2018, malire ndi 0.3 peresenti. Switzerland ndi Malawi anaika 1 peresenti. Chamba chosuta chimapitirira 0.3 ija kakhumi kapena kuposa. Gwirizanani msanga nambala imene mupemphe, ndipo ndikanakhala inu ndikanapempha 1 peresenti. Ya 0.3 inachokera mu kafukufuku wa Ernest Small ndi Arthur Cronquist wa mu 1976, amene ankangosanja mitundu ya zomera. Sanali kuyeza poyambira kuledzera. THC amakwera maluwa akamakhwima, choncho mlimi wosalakwa amene wachedwa kukolola akhoza kudumpha 0.3 osadziwa, munda wonse n'kulamulidwa kuti uwonongedwe.

Mukatero sankhani wokuyankhulirani. Apa magulu ambiri amapunthwa, chifukwa amene ali ndi changu kwambiri nthawi zambiri ndi amene aphungu safuna kujambulidwa naye. Funani mlimi wa mbewu zina wodziwika, mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito, mayi wa kopaletivi, munthu amene palibe angamunene kuti akungofuna kusuta momasuka. Ku North Dakota, chigawo cha ku America, amene anatsogolera anali David Monson, mlimi komanso phungu wa chipani cha Republican. Ku Kentucky, chigawo china cha dziko lomwelo, anali James Comer, mkulu wa zaulimi m'chigawocho, ndipo lamulo linadutsa mu 2013 ngakhale apolisi ankalikana. Nkhani ya chamba chosuta ndi ya mankhwala ili ndi eni ake. Musaiphatikize ndi yanu, ngakhale mukugwirizana nawo mumtima.

Ku Nyumba ya Malamulo simukufunika aphungu makumi asanu poyamba. Mukufunika mmodzi wolimba mtima. Boniface Kadzamira, amene panthawiyo anali phungu wa Ntchisi North, atabweretsa nkhaniyi mu 2015 anzake anamuseka. Mu February 2020 Nyumba yomweyo inavomereza Cannabis Regulation Act, lamulo lolola ulimiwu. Phungu wotere mupatseni pepala limodzi, osati buku: nambala ya THC, mayiko amene analola kale, zimene zimapangidwa (ulusi wa nsalu ndi zingwe, mafuta a njere, mapepala, zomangira nyumba zosakaniza ndi laimu), ndi mayina a alimi a m'dera lake amene asayinira. Mayina 200 a anthu amene amamuvotera amamugwira mtima kuposa zikwi za ndemanga za pa Facebook zochokera kosadziwika. Wina adzanena ndithu kuti mapangano a mayiko amaletsa. Muyankheni ndi gawo 28 la Single Convention on Narcotic Drugs ya mu 1961, limene limati panganolo silikhudza chamba cholimidwa chifukwa cha ulusi ndi njere basi.

Apolisi ndi atsogoleri a zipembedzo pitani nokha mukawaone asanamve nkhaniyi pa wailesi. Nkhawa yawo ndi yomveka ndipo musaiseke: mbewu ziwirizi ndi zofanana masamba, nanga wina akabisa chosuta pakati pa munda? Yankho lilipo. Munda wa chiphaso umalembetsedwa malo ake enieni ndipo woyendera amafika n'kutenga masamba kukayeza, ndiye ndi malo oipa kwambiri obisapo kanthu. Komanso hemp wa ulusi amadzalidwa mothithikana ndipo mbewu zazimuna zimasiyidwa momwemo. Mungu wake ukagwera pa chamba chosuta, chimadzaza njere n'kutsika mtengo. Wolima chosuta amauthawa munda wa hemp.

Chinthu chimene chimatsegula chitseko mosavuta ndi pempho laling'ono: munda woyeserera, pansi pa malo a kafukufuku a boma kapena yunivesite. Nduna imene singayerekeze kunena kuti "ndalola chamba" imatha kunena kuti "tikufufuza". America inayamba choncho mu 2014, zaka zinayi lamulo lonse lisanabwere. Ku Malawi kampani ya Invegrow inayesa mbewuyi pa Chitedze Research Station kuyambira mu 2015. Kuyesaku si mwambo chabe. Hemp amachita maluwa usana ukafupika, ndiye mbewu zambiri za ku Ulaya zikadzalidwa kufupi ndi equator zimachita maluwa zikadali zazifupi, ulusi n'kuchepa. Ndi bwino kudziwira zimenezi pa hekitala imodzi ya kafukufuku kusiyana ndi m'minda ya anthu amene atenga ngongole.

Tsopano pamene ndimakangana ndi anzanga. Bilu ikadutsa, anthu amavina n'kubalalika, pomwe ntchito yeniyeni ndiye yayamba. Zimene zidzaloleze kapena kutsekereza mlimi wamng'ono zimalembedwa pambuyo pake, m'ndondomeko za unduna kapena za bungwe loyang'anira, ndipo kumeneko amene samajomba ndi makampani aakulu ndi maloya awo. Gawanani ntchito kuti wina aziwerenga chikalata chilichonse chimene chatuluka. Funsani kuti chiphaso ndi ndalama zingati, ndipo kodi kopaletivi ingatenge chimodzi m'malo mwa mamembala onse. Funsani kuti labotale ili kuti, amalipira ndani, zotsatira zimatenga masiku angati. Funsani kuti mbewu yovomerezeka igulidwa kuti. Ndipo funsani kuti munda ukapitirira malire pang'ono, mlimi ndi chigawenga kapena ndi munthu amene mbewu yamukanika. Kudandaula kolembedwa kumasintha zinthu. Unduna wa zaulimi wa ku America mu 2019 unati mbewu iyezedwe pasanathe masiku 15 kuti ikololedwe. Alimi analemba madandaulo ochuluka, ndipo mu 2021 masikuwo anakhala 30, komanso analola kuti mbewu yopitirira pang'ono ikonzedwe m'malo mongoiwononga.

Pa misonkhano, chonde, musalonjeze anthu chuma. Ku America komweko alimi anathamangira kudzala hemp wa CBD (chinthu china cha mu mbewuyi, chosaledzeretsa) mu 2019, katundu anachuluka, mitengo inagwa, ambiri n'kutsala ndi mbewu m'nyumba zosungira popanda wogula. Mapesi a hemp amatenga malo ambiri koma mtengo wake ndi wochepa, sapindula kuwanyamula ulendo wautali, ndiye pafunika makina osenda ulusi pafupi ndi minda. Mukamakumana ndi unduna wa zaulimi, pemphani kuti wa zamalonda ndi mafakitale akhalepo, ndipo mlimi asagule mbewu asanaone mgwirizano wosayinidwa wonena amene adzagule, pa mtengo wanji, ndi amene adzaluze mbewuyo ikakanika ku labotale.