Makolo akadwala kumudzi ife tili kunja, tiziyankhula nawo eni ake

Ambiri a ife amene tili ku Joni, ku UK, ku Ireland kaya ku America, uthenga wa matenda umatipeza pa WhatsApp tili pa shifiti, achemwali alemba kuti amayi awagoneka ku Queens kapena ku Central, BP yakwera kwambiri, nde chimene timachita pompo ndi kuthamangira pa Mukuru kapena WorldRemit kenako kutsegula gulupu ya abale. Ndalamazo ndi zofunikadi, mankhwala pena ku chipatala cha boma kulibe mumakagula ku famase, gadiyani adye, thiransipoti ilipiridwe. Koma taonani zimene zimachitika pakangotha masabata awiri. Mu gulupu muja mwayamba kukambidwa zoti amayi akatuluka asamukire kwa achimwene ku tauni, munda aubwereke ena, mbuzi zigulitsidwe, koma amayi eni ake mu gulupumo mulibe ndipo palibe amene wawafunsa. Foni timaimbira gadiyani, akupezako bwanji, adya, adokotala anati chani, mphindi zambirimbiri, kumapeto nkumati "tawapatsani ndiwapatse moni" apo bandulo yatsala pang'ono kutha.

Zimenezi zimapweteka munthu wamkulu kuposa mmene timaganizira, ndipo akatswiri ofufuza za maganizo ndi kakhalidwe ka anthu anaziyesa kalekale. Mu 1976 Ellen Langer ndi Judith Rodin anatulutsa zimene anapeza m'nyumba yosamalira okalamba ku Connecticut, America. Okalamba a gulu lina anauzidwa kuti zosankha ndi zawo, kakonzedwe ka chipinda, tsiku loonera kanema, ndipo aliyense anapatsidwa kambewu ka mu chitini koti azithirira yekha. A gulu linalo anauzidwa mwachikondi ndithu kuti asavutike anamwino achita zonse, olo kambewu kawo azithirira anamwino. Patangopita masabata atatu oyamba aja anali ochangamuka ndi osangalala kuposa anzawo, ndipo atabwererako patatha miyezi 18 anapeza kuti mwa iwo omwalira anali 15 peresenti pamene kwa ochitiridwa zonse aja anali 30 peresenti. Anthu ake anali ochepa, osakwana 100, nde musatenge manambalawo ngati lamulo, koma mfundo yake ndi yomveka: kumuchitira munthu chilichonse mpaka kumulanda mawu pa moyo wake si chisamaliro chokwanira.

Ndiye poyambira ndi apa. Musanagwirizane chilichonse mu gulupu, wina aimbire mwini matenda amufunse. Akati sindikufuna kukakhala ku tauni ndikufuna pakhomo panga, mvetserani chifukwa chake, mwina ndi tchalitchi, mwina ndi anzawo a ku banki nkhonde, mwina sagwirizana ndi apongozi ndipo sanganene poyera. Pa ndalama mukutumizazo patulani kangachepe kazipita pa Mpamba kapena Airtel Money ya iwo eni, azigulira chimene afuna osapempha kwa mwana. Ndipo afunseniko nzeru pa zanu, za ana anu, za banja, za malo mukufuna kugula aja, chifukwa munthu amene moyo wake onse wakhala akuweruza nkhani za pabanja samva bwino tsiku lililonse kumangofunsidwa ngati wamwa mankhwala.

Kayankhulidwe nako. Inu amene mumagwira ntchito ya kea, yosamalira okalamba ndi odwala, ku UK mwina munaphunzitsidwapo zimenezi. Mu 1986 Ellen Ryan, Howard Giles ndi anzawo anafotokoza kuti wachinyamata akaona imvi, ndodo kapena mawu onjenjemera, amayamba kuyankhula ngati akuyankhula ndi kamwana, wokalambayo amaona kuti akupeputsidwa nde amachepetsa kuyankhula, akachepetsa ife nkumati mwaona agogo mutu wayamba kutha, nkuonjezera kuwayankhula ngati mwana kuja, zimangozungulira choncho. Kristine Williams ndi anzake ku Kansas anajambula pa vidiyo anamwino akusambitsa ndi kuveka okalamba odwala matenda oiwala, ndipo mu 2009 analemba kuti namwino akayankhula mwachibwana chotero, mpata woti wodwala akane kapena alimbane naye umakwera pafupifupi kawiri. Kwathu zimamveka chonchi: "agogo timankhwala tija mwamwa? musamavute iyayi, mwamva eti?" Timanena mwachikondi koma tangoganizani abambo amene anali ahedi pa sukulu zaka zonse zija akuuzidwa choncho ndi mwana wawo pa foni, anthu ali pomwepo akumva.

Netiweki ikamavuta timakonda kukuwa, ndipo kukuwa pa foni kumamveka ngati kukalipa. Bola kuyankhula momveka, nkhani imodzi imodzi, mukafunsa funso dikirani osawayankhira. Muwatchule mmene mumawatchulira ali bwino. Ngati makutu ayamba kuvuta voisi noti imathandiza chifukwa mdzukulu atha kuwaikira kangapo, ndipo iwonso ajambule yawo osathamangitsidwa ndi mayunitsi. Ngati ali ndi kafoni ka mabatani gulani mayunitsi oimbira kunja muziwaimbira mwachindunji, nkhani zina sanganene foni ili ya mlamu ili pa laudi.

Tsopano nkhani yovuta kwambiri ndi yobisirana. Amayi amati ndili bwinobwino mwanawe chifukwa akuopa kuti mungasiye ntchito kapena kulowa ngongole, achemwali amati akupezako chifukwa amayi awaletsa kunena, abale abisa kwa wodwala kuti adokotala apeza khansa, ifenso tikunama kuti ndibwera Disembala pamene tikudziwa kuti mapepala sanatuluke ndipo tikangotuluka sitibwereranso. Aliyense akuteteza mnzake, mapeto ake aliyense akusenza yekha. James Coyne ndi David Smith mu 1991 anafufuza mabanja amene bambo anali atadwala matenda a mtima, ndipo amayi amene ankabisa nkhawa zawo nkumangovomera zilizonse kuti mwamuna asakhumudwe ndi amene anapezeka ovutika kwambiri m'maganizo. Ine ndimaona kuti bodza la Disembala ndi loipitsitsa, chifukwa munthu wodwala amawerenga miyezi. Kuli bwino kungonena kuti amayi chaka chino sindingathe kubwera mapepala anga sanakonzeke, koma Lamulungu lililonse ndiziimba. Zimawawa tsiku limenelo koma ali ndi choona chogwira.

Za matenda enieniwo sindikunena kuti muimbe foni nkungoponya mawu oti muli ndi khansa, kwathu sitichita choncho ndipo pa foni si malo ake. Funsani kaye: "Amayi, adokotala akapeza chinachake mukufuna akuuzeni inuyo zonse, kapena auze achemwali?" Ena amafuna kudziwa zonse kuti akonze za munda ndi za ana, ena amati uzani ana anga ine ndatopa, zonse ziwiri ndi ufulu wawo. Ngati matenda ndi osachiritsika funsani za chisamaliro chochepetsa ululu, ku Queens kuli Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, ndipo anthu amenewo anazolowera kukhala pansi ndi banja nkufotokoza modekha. Kuti inu muzimva zenizeni osati "akuti ndi mphepo chabe", pemphani chilolezo kwa wodwala kuti wina azijambula masamba a buku la kuchipatala lija nkukutumizirani.

Gadiyani tisamuiwale, nthawi zambiri ndi mlongo wathu kapena azakhali, akugona pansi pa simenti, kuphika ku khitchini ya magadiyani, kuchapa, kutembenuza wodwala usiku, geni yake yaima, ana ake ali ndi aneba. Ife timaimba ngati oditala, ndalama zija zatha bwanji, risiti ili kuti. Janice Kiecolt-Glaser ndi anzake ku Ohio State University mu 1995 anapanga kabala kakang'ono pa mkono wa amayi amene ankadwazika abale odwala matenda oiwala, ndi pa amayi ena amsinkhu omwewo osadwazika. Kwa odwazika kabalako kanatenga masiku pafupifupi 49 kuti kapole, kwa enawo 39. Kudwazika kumadya thupi lenilenilo. Nde muimbireni padera mumufunse za iye, mutumizireni yake yosafuna risiti, ndipo mu gulupu muja kankhani nkhani yoti pakhale wosinthana naye olo masiku awiri pa sabata, ngati abale palibe lipirani munthu wodalirika. Za mawerengedwe a ndalama gwirizanani poyamba kuti azilemba ndani ndipo muziona liti, osati kufunsa tsiku lililonse munthu asanagone.

Pali china chimene ife a kunja tingathandize kwambiri chifukwa ambiri taziona m'ntchito zathu. Agogo akayamba kuiwala mayina, kusochera, kudzuka usiku nkumayenda, pena kupezeka pa khomo la eni atavula, kumudzi mawu amene amatuluka msanga ndi oti ndi mfiti. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa ndi anthu atawaganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024, koma lamulo silifika pa khomo usiku anthu atasonkhana. Mukangomva zizindikiro zimenezi musadikire, konzani zoti akaonedwe ku chipatala, ndipo abale apite kwa amfumu ndi kwa abusa kapena ashehe akafotokoze kuti ndi matenda a ubongo, aneba adziwe kuti akawapeza akuyenda usiku awaperekeze kunyumba. Inu poimba musamawayese mayeso a "mukundidziwa ndine ndani?", dzitchuleni nokha, ndine mwana wanu uje wa ku Cape Town, ndipo akasokoneza zaka kapena kufunsa za munthu amene anamwalira kale musalimbane nawo, afunseni za munthuyo, nkhani zakale ndi nyimbo za kwaya amazikumbuka nthawi yaitali kuposa za dzulo.

Nthawi yoimbira ikhale yodziwika, tsiku lomwelo ola lomwelo, kuti foni ikhale yotchajidwa ndipo iwo akhale atasamba ndi kudya. A ku Joni mulibe vuto nthawi ndi imodzimodzi ndi kwathu. A ku UK ndi Ireland kumbukirani kuti kwathu kuli patsogolo ndi ola limodzi nyengo yotentha ya kwanuko, maola awiri kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, nde mukamaweruka 8 koloko usiku kumudzi anagona kale. Bola pa buleki ya masana kapena m'mawa musanapite ku ntchito, ndipo ngati ali mu wodi funsani gadiyani kuti adokotala amadutsa nthawi yanji muziimba akangodutsa.