Momwe mungalawire stout ya ku England kuti muimve kukoma kwake

Ambiri mwa ife amene tili kuno ku England tinabwera tikuidziwa kale stout, ija ya Carlsberg yomwe kwathu timaimwera pabotolo ili yozizira kwambiri. Ya kuno, makamaka yofululidwa ndi makampani ang'onoang'ono, imafuna kudekha, ndipo zimandipweteka mtima ndikaona munthu akuigugudiza ngati madzi.

Yambani ndi kusankha botolo. Kwa amene akuyamba kumene, ndimakonda kuwalozera Oatmeal Stout ya Samuel Smith, yochokera ku Tadcaster m'dera la Yorkshire, komwe moŵa unayamba kufululidwa pamalopo mu 1758 ndipo madzi amatungabe pachitsime chakalecho. Mphamvu yake ndi 5 peresenti. Ina yabwino ndi Double Stout ya Hook Norton ku Oxfordshire.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani: musaimwe itangotuluka mufiriji. Kuzizira kwambiri kumabisa fungo, n'kutsala kuwawa kokha. Itulutseni, ikhale patebulo kwa mphindi 20 kapena 30, mpaka ifike madigiri 11 mpaka 13 Celsius. Mukagwira botolo muzimva kuti ndi lozizirira, osati lobaya m'manja.

Tengani tambula yotsuka bwino, chifukwa kamafuta kapena sopo wotsalira amapha thovu. Ipendeketseni, thirani pang'onopang'ono, ndipo ikafika pakati iwongoleni kuti pamwamba pabwere thovu lokwana zala ziwiri. Ngati pabotolo palembedwa kuti bottle conditioned, ndiye kuti pansi pali nsenga za yisiti. Botololo lisakhutchumuke, ndipo kotsala pansiko kasiyeni momwemo.

Musanamwe, kwezani tambula pawindo. Moŵa umene mumauyesa wakuda bii uonetsa kufiira m'mbali. Mtunduwu umachokera ku chimera cha balele chokazingidwa mpaka kuda, luso lomwe linapita patsogolo mu 1817 pamene Daniel Wheeler anapanga chiwiya chokazingira chozungulira. Stout ndi mwana wa porter, moŵa womwe unatchuka mu London m'zaka za m'ma 1700, ndipo dzinali poyamba linkangotanthauza moŵa wamphamvu, kenako porter wamphamvu.

Tsopano zunguzani tambula pang'ono, ikani mphuno. Musafulumire. Poyamba mumva khofi wokazinga, kenako chokoleti chosatsekemera. Ine nthawi zonse ndimamvamo nkhoko, zija zotsalira pansi pa poto wa nsima zikapserera pang'ono, zomwe tinkalimbirana tili ana. Nthawi zina mumabwera kafungo ka chimanga chokazinga m'phale, nthawi zina ka zipatso zouma. Palibe chifukwa chobwerekera mawu a azungu. Tchulani zomwe mphuno yanu ikudziwa. Amene anakulira pafupi ndi mayi wofulula moŵa wa masese azindikira msanga kafungo ka chimera kamene kali pansi pa zonsezi.

Imwani pang'ono, koma kokwanira kunyowetsa m'kamwa monse. Usungeni kwa masekondi angapo, mezani, kenako tulutsani mpweya m'mphuno mutatseka pakamwa. Kutsekemera kumayamba, kuwawa kwa chimera chokazinga ndi hops (maluwa owawa amene amathira mu moŵa) kumabwera pambuyo n'kukhalitsa kukhosi. Oatmeal Stout imaterera palilime ngati phala losalala chifukwa cha oats, mbewu yofanana ndi tirigu, amene amathiramo. Palinso milk stout, monga Mackeson, yomwe ili ndi shuga wa mumkaka amene yisiti sangathe kumusandutsa moŵa, n'chifukwa chake imatsekemera. Ngati mkaka umakutsegulani m'mimba, imeneyo ipeweni.

Mukakhala mu pub, funsani ngati ali ndi stout ya mu cask (mgolo wa moŵa), yopopa ndi dzanja. Ilibe mpweya wambiri ndipo siizizira kwambiri, ndiye musaganize kuti yasasa. Ambiri amalola kulawa kaye musanagule, ingopemphani mwaulemu. Theka la pint, mamililita 284, ndi lokwanira kwa woyamba, ndipo tsiku limenelo galimoto isiyeni kunyumba.

Pambali pake ikani nyama ya ng'ombe yootcha kapena tchizi cha Stilton. Mtedza wokazinga wothira mchere nawonso umayenda nayo bwino kwambiri. Gawo lomaliza la m'tambula lisiyeni kwa mphindi khumi, lifunde pang'ono, kenako lilaweni muyerekeze ndi mmene zinalili poyamba paja. Chokoleti chija chikhala chitatuluka poyera.