Momwe mungaitanire thandizo mwachangu mu Blantyre

Sungani manambala lero lomwe, musadikire kuti moto ubuke kaye. Apolisi ndi 997, ambulansi 998, ozimitsa moto 999. Mwana akamachitidwa nkhanza imbani 116, ndipo ngati ndi matenda ofuna kufunsa uphungu, Chipatala cha pa Foni chili pa 929. Powasunga, dzina liyambe ndi A, monga "A Polisi", kuti azikhala pamwamba penipeni.

Koma musadalire manambala aafupiwa okha. Pitani ku polisi ya kwanuko, kaya ndi Ndirande, Soche, Limbe kapena Bangwe, mukapemphe nambala yoimbira usiku. Onjezeraninso ya aneba amene ali ndi galimoto.

Pamene pamavuta kwambiri ndi pofotokoza komwe muli, poti m'makomboni mwathumu nyumba zilibe manambala. Usiku wina mayi a aneba atakomoka, woyendetsa galimoto anauzidwa kuti "tili pafupi ndi chigayo ku Chirimba." Ku Chirimba zigayo zili mbwee! Munthuyo anangozungulirazungulira, ife tikuona nyali za galimoto zikudutsa kutsidya, mayiwo ali gone pamphasa. Choncho yambani ndi chinthu chimene aliyense amachidziwa, monga siteji ya minibasi, sukulu kapena tchalitchi. Kenako nenani pokhotera, kumanja kapena kumanzere, ndi mtundu wa geti. Nenaninso ngati msewu wakumbika ndi mvula, asabwere kudzatitimira m'matope. Mnyamata mmodzi athamangire kumsewu waukulu ndi tochi, akaime pamenepo mpaka afike. Mawu amenewa akonzeni pano muli phee, muwalembe papepala n'kumata kuseri kwa chitseko, chifukwa mantha akakugwirani ngakhale dzina la sukulu ya mwana wanu limathawa.

Nenani mwachidule chimene chachitika ndi anthu angati avulala. Musadule foni mpaka amene mwawaimbirawo atamaliza kufunsa.

Foni izikhala ndi moto, makamaka masiku a kuzimazima kwa magetsi. Ma power bank otchipa ogulitsidwa m'mbali mwa msewu aja, ena ndi kulemera chabe, satchaja ngakhale theka. Akabaza nawo usiku amakweza mtengo akaona kuti mwapanikizika, ndiye gwirizanani ndi mmodzi wodziwika masana.

Ambulansi ikachedwa, nyamukani ndi galimoto ya aneba ija kupita ku chipatala cha Gulupu, ku Ginnery Corner. Buku la kuchipatala, chitenje ndi kandalama ka mafuta musaiwale.