Wodwala pancreas watuluka m'chipatala, gadiyani musagone

Abale ku Salima kuno anthu ambiri akamva kupweteka pamwamba pa mchombo kolasa mpaka kumsana amangoti ndi zilonda za m'mimba, basi kukagula mapilisi pagolosale, chonsecho mwina ndi pancreas, kachiwalo ka kuseri kwa chifu kopanga insulin yowongolera shuga m'magazi, komanso madzi ogaya chakudya. Nthawi zambiri kamatupa chifukwa cha mowa, kachasu makamaka, kapena timiyala ta m'ndulu. Adokotala amatsimikiza poyeza m'magazi lipase kapena amylase, zomwe zimapezeka m'madzi ogaya chakudya aja, zikakwera katatu kuposa mlingo wake ndiye ndi yomweyo.

Ambiri amachira ndi dripu ndi mankhwala opha ululu. Koma zovuta zina zimabwera munthu ali kale kunyumba, ndiye gadiyani mukhale tcheru. Pakatha masabata 4 kapena kuposerapo chiyambire matendawa, mukaona kuti akukhuta atangodya mbamu ziwiri, akusanza, ndipo pamwamba pa mimba patuluka chotupa, kawirikawiri amakhala madzi amene aunjikana m'kathumba, amati pseudocyst. Osatema mphini pamenepo chonde, osasisitanso. Pitani akaunike ndi sikani, tating'ono timaphwa tokha koma takula kapena talowa mafinya amachita kukhetsa madziwo kuchipatala chachikulu.

Choopsa zedi ndi magazi. Madzi a pancreas amatha kudya mtsempha wapafupi mpaka kuphulika, kapena magazi kuundana mumtsempha wina n'kutupitsa mitsempha ya m'chifu. Akasanza magazi, chimbudzi chada bii ngati phula, m'maso mwayera, thukuta lozizira, musadikire kuti kuche, pezani galimoto usiku womwewo, ndipo Brufen kapena diclofenac musam'patse olo pang'ono poti amawonjezera kutaya magazi. Kutentha thupi kobwerera, maso achikasu, kapena befu ndi kulasa pachifuwa kumanzere, nazonso nzothamangira, musangoti ndi malungo n'kumwa LA osayezetsa.

Ku Salima District Hospital mukafotokoze poyera kuti anadwalapo pancreas, buku lakuchipatala lija litengeni, kuti ngati pafunika CT scan (sikani yoonetsa bwino zam'kati) kapena opaleshoni akutumizeni msanga ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Kunyumba mowa ayi ndithu, fodyanso, kanyenya ndi tchipisi cha pachiwaya zidikire kaye, chambo muziwotcha kapena kuphika osakazinga, azidya pang'onopang'ono kangapo patsiku. Akamaonda, chimbudzi chamafuta chonunkha moipa, ludzu ndi kukodza pafupipafupi, akayezetse shuga ndipo mufunse za makapisozi othandiza kugaya chakudya.